Makina Olira Opanda Singano

1. Wotchi ya mdadada

Nyumba ya kwawo kwa Kasingano inali pakati pa mdadada wa nyumba zisanu za lendi. Makoma ake anali opyapyala moti munthu akayetsemula m'nyumba yoyamba, wa m'nyumba yachisanu ankati pepani. Pamalo oterowo chinsinsi sichinkagona masiku awiri.

Anthu a mdadadawo sankavutika ndi wotchi. Makina osokera a amayi ake a Kasingano akayamba kulira, aliyense ankadziwa kuti yakwana seveni koloko, ndipo ana ochedwa kusukulu ankatuluka buledi ali kukamwa.

Dzina loti Kasingano anamupatsa ndi amayi ake omwewo, poti anali wowonda, wamtali, wolowa paliponse. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, ali Fomu 2. Mlongo wake wa zaka zisanu ndi chimodzi ankatchedwa Kabatani chifukwa cha kamphuno kake. Bambo awo ankayendetsa galimoto yaikulu ya katundu, ndipo akachoka ankatha miyezi iwiri ali pamsewu.

Lachitatu lina makina analira pa nthawi yake ngati masiku onse. Koma mapazi amene anali pa chopondera sanali a amayi. Anali a Kasingano, ndipo pa makinawo panalibe nsalu, panalibe ulusi, ngakhale singano panalibe. Tsiku loyamba anapalasa singano ili pomwepo, ulusi unapiringizana ku bobini, singano n'kuthyoka. Kuyambira pamenepo sanaikeponso ina.

Amayi anali kuchipinda, kuseri kwa katani, sabata yachisanu tsopano. Sanatenthe thupi, analibe bala, sankatsokomola. Zinayamba pang'onopang'ono. Poyamba anasiya kuimba posoka. Kenako anadula diresi ya munthu manja onse awiri a mbali imodzi, iwo amene ankadula nsalu akucheza. Kenako chakudya chinayamba kubwerera m'mbale momwe chapitira. Tsiku lina anangoti thupi lawo likulemera ngati thumba la simenti, ndipo sanadzukenso.

Makina atakhala chete masiku atatu, amake Mapasa a nyumba yoyandikana anagogoda kudzafunsa ngati kuli kwabwino. Atachoka, amayi anamugwira Kasingano dzanja.

"Usauze munthu, mwana wanga. Akadziwa adzati ndapenga. Adzanditsekera kwinakwake, inu n'kukugawani kwa achibale, wina uku wina uko. Lonjeza."

Kasingano analonjeza. Nzeru anali nazo mwanayu, koma nzeru za mwana wamantha zimathamanga n'kumusiya mwini wake m'mbuyo. Anaona kuti chimene chingawaulule ndi kukhala chete kwa makina, ndiye anaganiza zowapatsa anthu phokoso lawo.

Njirayo inagwira. Amake Mapasa sanagogodenso. Eni zovala akafika pakhonde, Kasingano ankatuluka n'kutseka chitseko kumbuyo kwake, n'kuwauza kuti amayi panopa akudula, safuna kusokonezedwa, abwere sabata yamawa. Mabatani ndi mipendero ankasoka yekha pamanja. Bambo akaimba foni Lamlungu, ankaigwira ndi dzanja limodzi mapazi akupalasa, n'kuwafunsa ngati akuwamva amayi ali pa ntchito. Bambo ankaseka n'kunena kuti awasiye, asawasokoneze. Iwowo ndi amene Kasingano ankawaopa kuposa onse, chifukwa nthawi ina anawamva akunena kuti munthu wogona masana wopanda malungo ndi waulesi basi.

Kusukulu anali atajomba masiku asanu ndi atatu. Mnzake atabwera kudzamuona, anamuuza kuti akudwala maso.

2. Sizasi ya amayi

M'mawa umenewo, Kabatani atapita kusukulu, amayi anaitana. Kasingano anasiya kupalasa n'kulowa kuchipinda. Tiyi amene anawapatsa anali atazizira, kapu ili yodzaza.

Anamutuma kuti atenge sizasi yawo yaikulu m'dirowa ya makina. Sizasi imeneyi inali ndi malamulo ake. Inkadula nsalu yokha, ndipo Kabatani ankakumbukirabe tsiku limene anaidulira pepala. Amayi anaigula atangomaliza kuphunzira ntchito, ndipo pa chogwirira chake anamangapo kansalu kofiira kuti isasokonekere ndi za ena.

Anaisisita pang'ono, kenako anaiika m'manja mwa Kasingano n'kupinda zala zake pamwamba pake.

"Tenga. Ndi yako tsopano, ine sindidzaifunanso." Maso awo anali kudenga. "Ndakutopetsani, ana inu. Pakanapanda ine bwenzi mukupuma."

Kasingano anayesa kuseka, nati asamalankhule choncho, achira posachedwa. Amayi anangotembenukira kukhoma.

Kasingano anabwezera sizasi m'dirowa n'kukhala pa makina. Mantha anamugwira, amene anali asanawamvepo chiyambire matendawo. M'chifuwa munamangika ngati wavala malaya a mwana. Koma anali atalonjeza, ndipo chimene ankadziwa kuchita chinali chimodzi chokha. Anapalasa mwamphamvu mpaka tebulo la makina linayamba kugwedezeka.

3. Khutu la a Makaniko

Cha m'ma teni koloko kunja kunalira belu la njinga, kenako mawu a munthu wamkulu anati odi.

Anali a Makaniko, okonza makina osokera, amene ankadutsa miyezi itatu iliyonse kudzathira mafuta ndi kuona lamba. Anali bambo achikulire, aimvi, magalasi awo omangidwa ndi chingwe cha nsapato. Ankakonda kunena kuti khutu lawo lakumanzere ndi la anthu, lakumanja ndi la makina, ndipo lakumanjalo silinanamizidwepo. Kasingano anali ataiwaliratu kuti mwezi wawo wakwana.

Anatuluka n'kutseka chitseko monga mwa masiku onse. Anawapatsa moni mwaulemu n'kuwauza kuti amayi atanganidwa, makina ali bwinobwino, abwere ulendo wina.

A Makaniko anatsamiritsa njinga kukhoma mosafulumira. Anati aima pawindopo mphindi zisanu akumvetsera.

"Makina akamadya nsalu amalira mokhuta, mwanawe. Umamva singano ikuboola, umamva akupuma pokhota, umamva sizasi ikudula ulusi. Awa akulira njala. Akungothamanga osapuma ngati galimoto yopanda katundu. Ndilowe ndiwaone."

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kasingano anatsegula chitseko.

A Makaniko anakhala pa mpando, anatsegula chikwama chawo, n'kugudubuza mutu wa makina chagada. Anayang'ana posungira singano, anapeza popanda kanthu. Anatsegula kwa bobini n'kupisamo chala, chinatuluka choyera. Anati makina osoka tsiku ndi tsiku amadzaza tinyenyeswa ta ulusi m'menemo, awa ayera ngati mbale yotsuka, koma lamba watha ngati asoka mayunifolomu a sukulu yonse.

Kenako maso awo anazungulira m'nyumbamo. Anaona mulu wa nsalu za anthu zosakhudzidwa, choko chili pomwe chinasiyidwa, ndi nsapato za amayi pafupi ndi katani, fumbi lili mbuu. Anaona yunifolomu ya Kasingano ili pa msomali tsiku la sukulu. Sanamukalipire. Anangofunsa motsitsa mawu kuti papita nthawi yaitali bwanji, ndipo Kasingano anawaonetsa zala zisanu. Atafunsa ngati ndi masiku, anapukusa mutu.

4. Munthu wa malaya amodzi

A Makaniko anatulutsa kabotolo ka mafuta n'kuyamba kudontheza m'mabowo a makina, limodzilimodzi. Polankhula anayang'ana Kasingano, koma mawu anawakweza pang'ono kuti adutse katani.

"Ndikuuze za munthu wina amene ndimamudziwa bwino, poti timavala malaya amodzi. Anali ndi zaka makumi anayi, ntchito ali nayo, mkazi wabwino, ana athanzi. Palibe anamwalira, palibe anamulakwira. Koma m'mawa wina anadzuka n'kupeza zonse zasuluka ngati nsalu yokhalitsa padzuwa. Chakudya sichinkamukomera. Anzake akamuseketsa ankangoona milomo ikuyenda. Sikuludiraiva imene anaigwira zaka makumi awiri inayamba kulemera ngati nkhwangwa.

"Abale ake ena anati ndi ulesi. Ena anati amulodza. Ena anati sapemphera mokwanira. Ena anati dzilimbitse, ndiwe mwamuna. Tandiuza, munthu wothyoka mwendo ungamuuze kuti dzilimbitse, thamanga? Amenewa ndi matenda, mwanawe, matenda a maganizo. Amagwira wolemera ndi wosauka, wopemphera ndi wosapemphera, ndipo ali m'nyumba zambiri kuposa momwe ukuganizira. Nthawi zina amadza pambuyo pa maliro kapena mavuto, nthawi zina amangofika opanda odi. Amachizika. Ngakhale awo amene ana amawathamangitsa mumsewu n'kumawatcha amisala ndi anthu odwala, ofunika chipatala osati miyala.

"Choipa cha matendawa n'chakuti amanama, ndipo amanama ndi mawu a mwini wake. Amamuuza kuti ndiwe mtolo, ndiwe wachabechabe, anthu akadziwa akuseka, khala chete. Ndiye wodwala amapempha amene amamukonda kuti amubise. Mkazi wa munthu uja anamubisa miyezi inayi, n'kumauza anthu kuti ndi malungo. Unawaonapo malungo a miyezi inayi?"

Kasingano anapukusa mutu. Kenako anafunsa chimene chinkamudya mumtima masabata onsewo. Anati sabata imene amayi anasiya kuimba, iye anali atawayankha mwamwano pa nkhani ya mbale, ndiye ankafuna kudziwa ngati mwana angadwalitse mayi ake motero.

A Makaniko anavula magalasi. Anati mwano wa mwana ukanakhala kuti umagoneka munthu masabata asanu, bwenzi padziko palibe kholo loyenda. Anamuuza kuti si iye anawadwalitsa, ndiponso si iye angawachize payekha, ngakhale atapalasa makinawo mpaka miyendo kuthothoka. Mutu umodzi susenza denga, nanji mutu wa mwana wa sukulu.

Kuseri kwa katani bedi linalira pang'ono, ngati munthu watembenuka.

"Tsono tamvera apa, chifukwa apa ndiye pali nkhani," anapitiriza a Makaniko. "Tsiku lina munthu uja anaitana mwana wa mchimwene wake n'kumupatsa chikwama chake chonse cha zipangizo, nati sindidzazifunanso. Mkazi wake atamva mawu amenewo sanadikire mawa. Anaphwanya lonjezo, anaitana anthu, anamutengera kuchipatala tsiku lomwelo. Munthu uja anakwiya, mwezi wathunthu osamulankhula. Koma zapita zaka makumi awiri ndi zitatu tsopano, ndipo m'mawa uliwonse ndikamamanga chikwama ichi pa njinga, ndimawathokoza mayi amenewo.

"Zilipo zinsinsi zosunga, ndipo mwana wosunga pakamwa ndi mwana wabwino. Koma wodwala akayamba kugawa zinthu zimene amazikonda, akayamba kutsanzika, akamanena kuti bola kufa kapena kuti popanda ine mupuma, chimenecho si chinsinsi chosunga ayi, ngakhale unalumbira utagwada. Umauza munthu wamkulu tsiku lomwelo. Akapanda kukumvera, umauza wina. Lonjezo limasokedwanso, mwanawe. Munthu sasokedwanso."

Atatero anabwezera mutu wa makina m'malo mwake n'kuyamba kupukuta manja ndi kansanza. Sanamufunse kalikonse.

5. Lonjezo

Kasingano anaima pakati pa makina ndi katani. Anayang'ana dirowa, anayang'ana katani, kenako anatambasula dzanja n'kukoka dirowayo. Inalira, poti nayonso inkafuna mafuta.

"Kasingano."

Anali mawu a amayi, otsika, kuchokera kuchipinda. Mwanayo anamva zonse zimene zinali m'dzinalo.

Anaima kanthawi dzanja lili m'dirowa. A Makaniko anapitiriza kupukuta zala zawo chimodzichimodzi ngati sakuona. Akanaitseka dirowayo, bambowo akanamanga chikwama n'kumapita, ndipo mawa seveni koloko makina akanaliranso.

Kasingano anatulutsa sizasi ya kansalu kofiira n'kuiika patebulo.

"Andipatsa lero m'mawa," anatero. "Akuti sadzaifunanso. Akuti pakanapanda iwo bwenzi tikupuma."

Mawuwo atangotuluka, misozi imene anaisunga masabata asanu inatsatira pambuyo. Analira ngati Kabatani, kukamwa kuli yasa, osachita manyazi.

"Wandiulula, mwana wanga," anatero amayi kuseri kwa katani.

"Eya, amayi. Bola muzindikwiyira muli pompano."

A Makaniko anasendeza mpando wawo pafupi ndi katani, koma sanaitsegule, poti chipinda ndi cha eni. Anapepesa polowerera za m'nyumba mwawo. Kenako anafunsa amayi poyera, mosazungulira, ngati maganizo ochotsa moyo wawo akumawabwerera. Kasingano anadzidzimuka, ankaganiza kuti funso lotero silifunsidwa. Pambuyo pake a Makaniko anadzamuuza kuti kufunsa sikumuika munthu maganizo oipa, kumangomutsegulira chitseko chimene wakhala akuchikankha yekha.

Amayi anayankha kuti eya, makamaka sabata ino.

A Makaniko anawathokoza ponena zoona. Anati sawakoka ngati mbuzi, poti fupa lokakamiza limaswa mphika, koma sachokanso pakhomopo mpaka atapita nawo kuchipatala lero lomwe. Anawauza kuti iwo eni, atadwala muja, sanatsekeredwe kulikonse, ana awo sanagawidwe, ndipo akanakhala kuti akunama, makina onse amene anakonzapo aleke kusoka. Anapempha chilolezo choitana mayi mnzawo woti awathandize kuvala.

Amayi sanakane.

Amake Mapasa anafika manja ali ndi thovu la sopo. Atamva nkhaniyo anakhala pansi n'kugwira kukamwa. Anati iwo anadabwa kalekale, chifukwa mnzawoyo sanasokepo tsiku lonse osaimba, koma ankaopa kuoneka ngati akufufuza za eni. Anati mng'ono wawo anadwala chimodzimodzi atangobereka mwana woyamba, ankangolira osafuna kumuyang'ana khandalo, ndipo lero ali bwinobwino, akugulitsa nsapato. Ataona nkhope ya Kasingano anamugwira phewa n'kumuuza kuti asade nkhawa, pakamwa pawo m'potakata koma pali ndi zipi.

Asananyamuke, a Makaniko anatenga sizasi n'kuipereka kwa amake Mapasa kuti aisunge kwawo, pamodzi ndi mapiritsi onse amene anali m'nyumbamo. Anatulutsanso singano yatsopano m'kapepala kake n'kuiika m'dirowa. Kasingano atafuna kuimangirira pa makina, anamuletsa. Anati imeneyo adzaika mwini wake tsiku limene adzafune, ndipo kufikira tsikulo makinawo apume.

6. Pa benchi

Kuchipatala sikunali kutali, koma anayenda pafupifupi ola. Amayi ankayenda pang'onopang'ono atatsamira amake Mapasa, maso atatsinzina chifukwa cha dzuwa limene anali asanalione kwa mwezi. A Makaniko ankakankha njinga pambuyo. Njira yonse amayi sanamuyang'ane Kasingano ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinamupweteka kwambiri.

Anamwino anali mayi wamfupi wolankhula modekha. Anawalowetsa amayi okha kaye, anakhala nawo nthawi yaitali, kenako anaitana Kasingano. Anamuuza kuti amayi ake akudwala matenda a kukhumudwa kwakukulu, ndipo sabata iliyonse amaona anthu angapo otero. Ena amabwera ndi nkhawa yopitirira muyeso, mtima kugunda ndi thukuta popanda chowathamangitsa. Ena amabwera zoopsa zimene anaona kale zikuwabwererabe m'maganizo. Ena amayesa kuzimitsa zonsezi ndi mowa, n'kuwonjezera matenda pa matenda.

Anati thandizo lilipo, la uphungu ndi la mankhwala, koma si la lero ndi lero, mankhwalawo amatenga masabata angapo kuti ayambe kumveka. Adokotala awaona masana omwewo n'kugamula ngati agone masiku ochepa kapena abwerere kunyumba. Akabwerera, pafunika munthu wamkulu wokhala nawo pafupi, osati mwana. Atatero anamuloza ndi cholembera.

"Iwe mawa ndikufuna ukakhale m'kalasi. Ntchito yako ndi kukhala mwana wawo, unamwino utisiyire ife. Ndipo kumangika kwa m'chifuwa kumene wandiuzako usakunyozere, ubwere Lachisanu tidzacheze za iwe."

Podikira adokotala anakhala pa benchi yapakhonde. A Makaniko anatsanzika, anati adutsa mawa. Amake Mapasa anapita kukagula madzi akumwa. Anatsala awiri, mayi ndi mwana, pakati pawo pali malo oti n'kukhala munthu wina.

Kasingano ankayang'ana mapazi ake. Sanapepese, poti sankaona kuti walakwa, koma mtima unkamuwawa.

Kenako anamva kukoka pang'ono pa siketi yake. Dzanja la amayi linali litagwira mpendero, zala zikuyenda pa msoko monga zinkachitira pa nsalu za makasitomala. Anautembenuza n'kuuyang'anitsitsa.

"Anapinda mpendero uwu ndani?"

"Ndine, amayi."

"Wakhota ngati njira ya woledzera." Anapuma kaye, mawu akutuluka movutikira. "Udzandikumbutse, ndidzakuonetse kapindidwe kake."

Sanamwetulire, ndipo dzanjalo linabwerera pamiyendo pawo. Koma kwa masabata asanu amayi anali asananenepo kanthu ka mawa. Kasingano anasendera pang'ono pa benchipo, ndipo iwo sanasunthe.

7. Phokoso la masana

Nthawi itakwana thuu koloko, amake Mapasa anamutuma kunyumba kuti akalandire Kabatani, amusiye ndi mapasa awo, n'kubweretsa juzi ya amayi. Kasingano anayenda mopepuka, njala n'kuimva koyamba tsiku limenelo.

Atakhota pa msewu wawo anaona galimoto yaikulu ya katundu itaima pansi pa mtengo, matayala ali ndi matope a kutali. Anaidziwa. Sinkayembekezeka mpaka masabata atatu akubwerawo.

Asanafike pa mdadada anamva phokoso. Makina a amayi ankalira, kulira kwa njala kuja, kothamanga osapuma. Tsopano nayenso khutu lake linkatha kusiyanitsa.

Pakhomo panali nsapato zazikulu za bambo. Chitseko chinali chotsegula, katani ya kuchipinda itakokedwa, bedi lili lopanda munthu. Bambo anali atakhala pa mpando wa makina, Kabatani ali pambali pawo ndi chikwama chake cha sukulu. Phazi lawo limodzi linkapalasa, maso ali pamalo opanda singano paja.

Atamuona anasiya, ndipo gudumu linazungulira lokha kawiri katatu n'kuima.

"Kasingano," anatero bambo motsitsa mawu, "masabata onsewa pa foni paja, ndimamva ndani?"

Bodza linali pafupi, lokonzeka kale, poti lilime linali litazolowera. Koma Kasingano anauza Kabatani kuti apite akasewere ndi mapasa, anatseka chitseko, n'kukoka mpando umene anakhalira a Makaniko.